Mawu Akuti "Bioidentical" ndi Lonjezo la Khungu Losakalamba

Mankhwala aliwonse amafika kwa wodwala ndi zinthu ziwiri: mphamvu yake ndi dzina lake. Mphamvuyo imayesedwa ndi akatswiri a zachipatala, ndipo pamapita zaka kuti atsimikize. Koma dzina limalowa m'khutu tsiku lomwelo, ndipo kawirikawiri ndi limene limachititsa munthu kupisa m'thumba. M'nkhani ino tiona mawu a Chingerezi akuti "bioidentical", amene anatchuka kwambiri kuyambira chaka cha 2002 pogulitsa mahomoni kwa amayi amene asiya kusamba, makamaka ku America, Britain ndi Australia. Limodzi mwa malonjezo amene amatsagana ndi mawuwa ndi loti khungu lileka kukalamba, makwinya achepa, nkhope isalala. Cholinga chathu n'kusiyanitsa zimene mawuwa amanena ndi zimene womvera amamva, kenaka n'kuona ngati kafukufuku wa pakhungu akuvomereza zimene womverayo wamva. Ntchito imeneyi si ya madokotala okha. Ife ophunzira chiyankhulo ndi amene mawa tidzapatsidwa kapepala ka mankhwala kuti timasulire m'Chichewa, ndipo mayi wowerenga kapepalako adzakhulupirira mawu amene tidzasankhe.

Zimene zimachitika m'khungu

Tisanapite patali, tiyeni tigwirizane kaye za mahomoni. Awa ndi timadzi timene timapangidwa m'chiwalo china cha thupi n'kuyenda m'magazi kukauza ziwalo zina chochita. Dzina lakuti "hormone" analiyambitsa ndi katswiri wa ku Britain, Ernest Starling, m'chaka cha 1905, ndipo analitenga ku mneni wa Chigiriki wotanthauza kudzutsa kapena kufulumiza. Mahomoni amene akutikhudza pano ndi awiri, estrogen ndi progesterone, amene mwa mayi amapangidwa kwambiri m'timatumba ta mazira. Estrogen ali m'mitundu ingapo, koma wamphamvu kwambiri ndi estradiol.

Mayi akafika zaka za pakati pa 45 ndi 55, timatumba tija timaleka kutulutsa mazira, estradiol amatsika kwambiri m'magazi, ndipo msambo umatha. Amayi ena amadutsa nyengoyi osamva chovuta chenicheni. Ena amazunzika: thupi limangotentha mwadzidzidzi, thukuta limanyowetsa zofunda usiku, tulo sitibwera, kumaliseche kumauma, ndipo mafupa amayamba kufooka mwakachetechete.

Khungu nalo limamva kusinthaku. Pansi pa kachikopa kopyapyala kamene timaona ndi maso pali gawo lokhuthala lolukidwa ndi timitsempha tolimba totchedwa collagen. Dzinali likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza guluu, chifukwa kale anthu ankaphika zikopa ndi mafupa a nyama popanga zomatira. Collagen ndi amene amagwira khungu kuti lisalendewere. Maselo amene amamupanga amamvera estrogen, choncho estrogen akachepa, nawonso amafooka pantchito. M'zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Malta, Mark Brincat, ndi anzake ku London anayeza timagawo ta khungu la amayi amene anali atasiya kusamba n'kupeza kuti collagen amatsika ndi magawo 2 pa 100 aliwonse chaka ndi chaka. Chiwerengero china chimene chimatchulidwa kwambiri m'mabuku a matenda a pakhungu ndi choti pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse amatha m'zaka zisanu zoyambirira. Khungu limapyapyala, limauma, ndipo bala limachedwa kupola.

Mpaka apa palibe mkangano. Koma pali mfundo imene otsatsa malonda sakonda kuitchula: khungu limakalamba m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya m'kati, yobwera ndi zaka ndiponso kuchepa kwa mahomoni. Yachiwiri ndi ya kunja, yobwera ndi dzuwa ndi utsi wa fodya. Amene akufuna kuona kusiyanaku ayerekeze khungu la kuseri kwa dzanja la agogo amene alima moyo wawo wonse ndi khungu la m'kati mwa mkono wawo, cha kufupi ndi m'khwapa. Zaka zake n'zimodzi, magazi ndi amodzi, mahomoni ndi amodzi, koma maonekedwe ndi osiyana kutalitali. Nkhope ili m'gulu la kuseri kwa dzanja. Mfundoyi tiisunge, tiifuna kutsogoloku.

Mmene mawuwa anapezera malo

Mawu satchuka pachabe. Amatchuka pamene anthu akuwafuna. Kuti timvetse chifukwa chake amayi ambiri anakumbatira mawu akuti "bioidentical", tiyenera kubwerera ku mankhwala amene analipo kale.

M'chaka cha 1942, boma la America linaloleza mankhwala a estrogen otchedwa Premarin. Dzinali ndi chidule cha mawu atatu a Chingerezi otanthauza mkodzo wa mahatchi aakazi okhala ndi bere, pakuti kumeneko ndi kumene mankhwalawa amachokera. M'chaka cha 1966, dokotala wa ku New York, Robert Wilson, anatulutsa buku lotchedwa Feminine Forever. M'bukuli iye anafotokoza kusiya kusamba ngati matenda a kuperewera kwa chinthu m'thupi, ndipo analonjeza kuti mayi womwa estrogen adzakhalabe wokongola ndi wokopa mpaka imfa. Bungwe limene Wilson anakhazikitsa linkalandira ndalama kuchokera ku makampani opanga mahomoni. Apa tikuona kuti lonjezo la khungu losakalamba ndi lakale kuposa mawu amene tikuwafufuzawa.

Chenjezo loyamba linabwera mu 1975, pamene ofufuza anasonyeza kuti estrogen womwedwa payekha amachulukitsa khansa ya m'chiberekero. Madokotala anayamba kuwonjezera mankhwala ena ogwira ntchito ngati progesterone, amene amateteza chiberekero, ndipo malonda anakweranso. Chenjezo lachiwiri ndi limene linagwedeza dziko. Kafukufuku wamkulu wa boma la America wotchedwa Women's Health Initiative anatenga amayi 16,608 a zaka za pakati pa 50 ndi 79. Theka linapatsidwa Prempro, amene ndi estrogen wa mahatchi uja wophatikiza ndi medroxyprogesterone acetate, ndipo theka lina linapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. Mu Julaye 2002 kafukufukuyu anaimitsidwa nthawi yake isanakwane, chifukwa anaona kuti khansa ya m'mawere, matenda a mtima, sitiroko ndi kuundana kwa magazi zinali zochulukirapo mwa omwa mankhwala.

Wophunzira chiyankhulo ayenera kuima kaye pa mmene nkhaniyi inafalitsidwira. Manyuzipepala analemba kuti khansa ya m'mawere yakwera ndi magawo 26 pa 100 aliwonse. Zimenezi n'zoona. Koma chiwerengero chomwecho chikhoza kunenedwa motere: mwa amayi 10,000 osamwa mankhwala, 30 ankapezeka ndi khansayi pa chaka; mwa amayi 10,000 omwa mankhwala, ankapezeka 38. Ziganizo ziwirizi zikunena chinthu chimodzi, koma mantha amene zimabweretsa ndi osiyana. Kuwonjezera apo, amayi a m'kafukufukuyu anali ndi zaka 63 tikatengera pakati, ndipo ambiri anali atasiya kusamba kalekale, pamene mayi wofuna chithandizo amakhala wa zaka za m'ma 50. Zimenezi sizinamveke bwino nthawi imeneyo. Amayi mamiliyoni anataya mapiritsi awo, ndipo madokotala ambiri anachita mantha kuwalembera ena.

Koma thukuta la usiku silinathe chifukwa choti kafukufuku waimitsidwa. Panatsala khamu la amayi ovutika, okhumudwa ndi makampani akuluakulu a mankhwala, ndiponso ofuna wina woti awamvere. Amene anawayankhula mokweza kuposa onse sanali dokotala koma Suzanne Somers, katswiri wa zisudzo za pa wailesi ya kanema ku America. Mabuku ake, The Sexy Years la mu 2004 ndi Ageless la mu 2006, anaphunzitsa kuti vuto linali la mahomoni opanga ndi a mahatchi, ndipo kuti mahomoni a "bioidentical" alibe vutolo. Mu 2009 iye anakafotokoza zimenezi pa pulogalamu ya Oprah Winfrey, ndipo uthengawo unafika m'makomo mamiliyoni. Mutu wa buku lachiwirilo umatanthauza wosakalamba. Lonjezo la Wilson linabweranso litavala malaya ena.

Kuphwanya mawuwo

Mawu akuti "bioidentical" ali ndi zigawo ziwiri. Mphatikiram'mbuyo "bio-" ndi wochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza moyo. Tsinde "identical" linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chomwecho, chosasiyana. Tikaphatikiza, tanthauzo lenileni n'lakuti kapangidwe ka mankhwalawo n'kofanana ndendende ndi ka mahomoni amene thupi la munthu limapanga. Estradiol wa m'botolo sasiyana ndi estradiol wa m'magazi a mtsikana. Kunena zoona, mawuwa amathera pamenepo. Sanena kumene mankhwala achokera, sanena amene wawapanga, sanena mlingo wake, ndipo sanena ngati ali oopsa kapena ayi.

Koma womvera samva zimenezo zokha. Akamva "bio-" amaganiza za zomera, dimba lopanda feteleza, chakudya chopanda mankhwala. Kuchoka pamenepo amafika pa ganizo loti mankhwalawa ndi achilengedwe. Kuchoka pa chilengedwe amafika pa ganizo loti sangapweteke. Ndipo kuchoka pamenepo amafika poganiza kuti thupi likalandira zake zomwe, libwerera mmene linalili pa zaka 30. Masitepe atatuwa wogulitsa safunika kuwanena. Amangoika chithunzi cha tsamba lobiriwira pabotolo, ndipo wogula amakwera yekha. Ubwino wa njira imeneyi kwa wogulitsa ndi woti palibe amene angamugwire bodza, pakuti bodzalo lanenedwa m'mutu mwa wogula.

Tiyeni tiyese sitepe loyamba. Kodi mahomoniwa ndi achilengedwe? Otsatsa amati amachokera ku chilazi cha kuthengo ndi soya. Mbiri yake ndi iyi: m'zaka zoyambirira za m'ma 1940, katswiri wa sayansi ya mankhwala wa ku America, Russell Marker, anapeza njira yosandutsira diosgenin, amene amapezeka m'zilazi za kuthengo za ku Mexico, kukhala progesterone. Mu 1944 iye ndi anzake anayambitsa kampani ya Syntex mumzinda wa Mexico City. Kusandutsako kumachitikira m'fakitale, m'masitepe angapo, ndipo thupi la munthu silingathe kukuchita. Munthu atadya zilazi dengu lonse sangapeze progesterone ngakhale dontho. Komanso mahomoni ambiri amene amanyozedwa kuti ndi opanga amayambira ku zomera zomwezo. Chodabwitsa n'chakuti tikati titsate tanthauzo la "chilengedwe" mosakondera, Premarin ndi amene angapambane, popeza amatengedwa m'thupi la nyama yamoyo. Vuto lake ndi loti ena mwa ma estrogen ake, monga equilin, ndi a hatchi osati a munthu. Choncho pali mankhwala achilengedwe osafanana ndi a m'thupi mwathu, ndipo pali mankhwala ofanana ndi a m'thupi mwathu osakhala achilengedwe. Mawu awiriwa sangalowane m'malo.

Sitepe lachiwiri ndi loopsa kwambiri. Chinthu kukhala chofanana ndi cha m'thupi sikutanthauza kuti sichingapweteke. Estrogen amene thupi la mayi limapanga lokha ndi amene amadyetsa mitundu yambiri ya khansa ya m'mawere, n'chifukwa chake odwala khansa yotere amapatsidwa mankhwala otsekereza estrogen. Insulin nayo ndi ya m'thupi, koma ikachuluka imapha.

Apa mpamene pakubisala chinthu chimene, m'kuona kwanga, ndi phata la nkhani yonse. Dzina limodzili likuphimba mitundu iwiri ya malonda. Mtundu woyamba ndi mankhwala a estradiol ndi progesterone opangidwa m'mafakitale, oyesedwa, ovomerezedwa ndi boma, okhala ndi mlingo wodziwika ndiponso kapepala kochenjeza. Alipo a mapiritsi, a tizigamba tomata pakhungu, ndi odzola. Ku America kuli Estrace, Climara ndi Prometrium. Mu 2018 kunavomerezedwa Bijuva, amene amaphatikiza awiriwo m'kapisozi kamodzi. Ku Britain kuli Oestrogel ndi Utrogestan. Mtundu wachiwiri ndi mankhwala osakanizidwa m'sitolo ya mankhwala motsatira kalata ya dokotala, amati molingana ndi thupi la munthu aliyense payekha, kawirikawiri atamuyeza malovu. Awa sadutsa m'mayeso amene mankhwala a m'fakitale amadutsamo, ndipo nthawi zambiri sakhala ndi kapepala kochenjeza. Wogula akaona kuti palibe chenjezo amaganiza kuti palibe choopsa. Kuyeza malovu nako n'kosadalirika, chifukwa mahomoni a m'malovu amakwera ndi kutsika pa tsiku limodzi lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo zinaonekadi. Mu 2007 madokotala a ku Australia analemba za amayi atatu amene anapezeka ndi khansa ya m'chiberekero akugwiritsa ntchito mahomoni osakaniza otere. Amayi atatu si umboni wokwanira paokha, koma chifukwa chake n'chomveka: estrogen akalowa m'thupi wambiri pamene progesterone walowa wochepa, monga zimakhalira ndi progesterone wodzola, chiberekero chimatsala chopanda chitetezo, monga zinalili 1975 isanafike. Mu Januwale 2008, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linalembera makalata ochenjeza masitolo 7 osakaniza mahomoni, ndipo linanena poyera kuti "bioidentical" ndi mawu otsatsira malonda. Tisabise kuti bungweli linachita izi kampani ya Wyeth, mwini Premarin nthawi imeneyo, itakadandaula mu 2005. Mbali zonse ziwiri zinali ndi ndalama zoti ziteteze. Komabe mu 2020 bungwe la akatswiri la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine linaunikanso umboni wonse n'kulangiza kuti mahomoni osakaniza aziperekedwa kwa okhawo amene thupi lawo limadana ndi china chake cha m'mankhwala ovomerezeka, kapena amene akufunika mtundu umene supezeka m'masitolo.

Tingalakwe kunena kuti mawuwa alibe choonadi chilichonse. Pali umboni wosonyeza kuti estradiol wolowera pakhungu saundanitsa magazi monga amachitira wa mapiritsi, chifukwa sayamba wadutsa m'chiwindi. Kafukufuku wina wamkulu wa ku France wotchedwa E3N anapezanso kuti amayi ogwiritsa ntchito progesterone weniweni ankadwala khansa ya m'mawere mocheperapo poyerekeza ndi ogwiritsa ntchito mankhwala ongomutsanzira, ngakhale kuti kafukufukuyu anali wongotsatira anthu, osati wowagawa m'magulu mwamaere. Mabungwe a madokotala masiku ano amanena kuti kwa mayi wathanzi wosapitirira zaka 60, kapena amene sipanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, phindu la mahomoni pothetsa kutentha thupi ndi kuteteza mafupa limaposa kuopsa kwake. Mu Novembala 2025, FDA inalengeza kuti ichotsa ambiri mwa machenjezo aakulu amene anaikidwa pa mankhwalawa pambuyo pa 2002, koma chenjezo la khansa ya m'chiberekero pa estrogen womwedwa payekha inalisiya. Zabwino zonsezi zikukhudza mankhwala a mtundu woyamba uja. A mtundu wachiwiri amangobwereka mbiri ya anzawo.

Nanga makwinya?

Tafika pa sitepe lachitatu. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi anafalitsidwa mu 1994 ndi Rodolphe Maheux ndi anzake a ku Quebec, m'dziko la Canada. Iwo anasankha masisitere 60 amene anali atasiya kusamba, poona kuti moyo wawo unali wofanana ndiponso wosakhala padzuwa kwambiri. Theka analipatsa estrogen, theka mapiritsi opanda mankhwala, kwa miyezi 12. Gawo lokhuthala la khungu la omwa estrogen linakhuthala ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse. Otsatsa mahomoni a "bioidentical" amakonda kutchula zotsatira ngati zimenezi, koma saulula kuti masisiterewo anamwa estrogen wa mahatchi, yemweyo amene iwo amamunyoza.

Komanso kukhuthala kwa khungu poliyeza ndi makina si chimodzimodzi ndi kusalala kwa nkhope poiona ndi maso. Ofufuza atayamba kuyang'ana nkhope yeniyeniyo, zinthu zinasintha. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2008 anatsatira amayi 485 kwa milungu 48, ena akumwa mahomoni a mlingo wochepa, ena mapiritsi opanda kanthu, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa makwinya a kumaso. Wina angati amenewo sanali mahomoni ofanana ndi a m'thupi, ndipo akhoza kukhala akunena zoona. Koma kafukufuku wina wotchedwa KEEPS anayesa mitundu yonse iwiri: gulu lina linamwa estrogen wa mahatchi, lina linamata tizigamba ta estradiol, magulu onsewa akulandiranso progesterone weniweni, ndipo gulu lachitatu silinalandire mankhwala enieni. Amayi oposa 100 a m'kafukufukuyu anayezedwa makwinya kwa zaka 4. Zotsatira, zofalitsidwa mu 2016, zinasonyeza kuti mahomoni sanasinthe makwinya kapena kulimba kwa khungu m'malo ambiri a nkhope. Chimene chinasiyanitsa amayiwo kwambiri chinali mtundu wa khungu lawo: amayi akuda anali ndi makwinya ochepa kuposa azungu, kaya amwe mankhwala kaya asamwe.

Chifukwa chake chikuoneka m'kafukufuku wa pa University of Michigan, wofalitsidwanso mu 2008. Ofufuza anadzoza estradiol pakhungu la anthu achikulire kwa milungu iwiri m'malo osiyanasiyana a thupi. Pachiuno, pamene pamakhala pobisika, khungu linayamba kupanga collagen watsopano. Pamkono ndi pankhope, pamene pawombedwa ndi dzuwa kwa zaka zambiri, sipanachitike kanthu. Milungu iwiri ndi nthawi yochepa, ndipo sitingamange nyumba yonse pa mwala umodziwu. Koma ukugwirizana ndi zija tinaona pa dzanja la agogo. Estrogen amathandiza khungu limene lafooka chifukwa chosowa estrogen. Khungu limene lawonongeka ndi dzuwa lili ndi vuto lina. Tsoka lake, malo amene wogula amafuna kuti asinthe ndi nkhope, osati chiuno.

Kwa ife a khungu lakuda pali mfundo ina yowonjezera. Khungu lathu limachedwa kuchita makwinya chifukwa melanin amatchinga gawo lina la mphamvu ya dzuwa, koma limafulumira kuchita mawanga. Estrogen ndi progesterone ali m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa mawanga akuda a m'masaya ndi pamphumi otchedwa melasma, amene amayi ena amawaona ali oyembekezera kapena akamamwa mapiritsi olera. Ndiye kuti mayi wakuda wogula mahomoni pofuna kukongoletsa nkhope akhoza kukhala akulipira kuti achotse vuto limene kwa iye ndi laling'ono, n'kuitana lina limene limavuta kuchiza. Mabungwe akuluakulu a madokotala a amayi salangiza kumwa mahomoni pofuna khungu lokha. Zimene zili ndi umboni wolimba pa makwinya n'zosasangalatsa kumva: kupewa dzuwa lamphamvu, kuleka fodya, ndi mankhwala odzola otchedwa tretinoin, amene amalembedwa ndi dokotala.

Tikamasulira m'Chichewa

Dzina lonse la chithandizochi m'Chingerezi ndi "bioidentical hormone replacement therapy". Liwu lachitatulo, lotanthauza kubwezeretsa, nalonso lanyamula katundu. Timabwezeretsa chinthu chimene chabedwa kapena chatayika, choncho liwuli likutiuza mwakachetechete kuti mayi wa zaka 52 ndi munthu woperewera. Limeneli ndi ganizo la Wilson lija. Madokotala ambiri a ku America analisiya liwuli pambuyo pa 2002 n'kumangoti chithandizo cha mahomoni. Ku Britain likugwirabe ntchito m'chidule chakuti HRT. A ku Britain omwewo, poona chisokonezo, anayamba kutchula mankhwala ovomerezeka aja kuti "body identical" kuti awasiyanitse ndi osakaniza. Kusiyana kwa "bio" ndi "body" n'kochepa kwambiri m'khutu, ndipo ndikukayika ngati wodwala wamba amakumva.

Chichewa chimaiona nyengoyi mwa njira yakeyake. Timati mayi wasiya kusamba, kapena wasiya kupita kumwezi. Chining'a chachiwirichi chikufanana ndi mawu akuti "menopause", amene dokotala wa ku France, Charles de Gardanne, anawapanga mu 1821 kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mwezi ndi kuleka. Koma taonani kuti m'chiganizo cha Chichewa mwininkhani ndi mayiyo. Iye ndi amene wasiya. Palibe chimene chamuthawa. Womasulira akalemba kuti "mankhwala obwezeretsa", walowetsa m'chiyankhulo ganizo la kuperewera limene munalibe. Chimodzimodzinso mawu akuti "olimbana ndi ukalamba" amasandutsa ukalamba kukhala mdani, pakati pa anthu amene amati akuluakulu akafuna kunena anthu oyenera ulemu. Sindikunena kuti amayi athu savutika ndi nyengoyi. Amavutika, ndipo ambiri alibe kokadandaula. Chimene akufunika ndi dzina la chithandizo lonena za vuto lawolo, osati lowauza kuti iwo eniwo ndiwo vuto.

Nanga "bioidentical" timuika bwanji? Njira yachidule, imene womasulira wotopa angaitenge, ndi kulemba kuti "achilengedwe". Imeneyi ndi yoyenera kuikana kwamtuwagalu. Kwa wowerenga Chichewa, mankhwala achilengedwe ndi zitsamba, mizu ndi makungwa, zinthu zimene ambiri amamwa osafunsa dokotala ndiponso osawerenga mlingo. Kulemba choncho n'kutenga bodza limene Chingerezi chinangolinong'ona n'kulilengeza pa chimkuzamawu. Njira ina ndi kulemba kuti "ofanana ndi a m'thupi". Iyi ndi yabwinoko, koma mneni "kufanana" ndi wofooka: mwana amafanana ndi bambo wake, koma si bambo wakeyo, ndipo mahomoni ongotsanzira aja nawonso amafanana ndi a m'thupi mwanjira imeneyi. Pakufunika muonjezi "ndendende" kuti tanthauzo likwane. Dzina lakuti "michere ya m'thupi", limene ena amagwiritsa ntchito m'malo mwa mahomoni, nalonso ndingalipewe pano, chifukwa likhoza kuchititsa munthu kuganiza kuti ndi chakudya chowonjezera ngati mavitamini.

Ngakhale titati "mahomoni ofanana ndendende ndi a m'thupi", tidzakhala tamasulira zimene mawu amanena, koma sitinatseke masitepe atatu aja. Chichewa chilibe liwu limodzi lonyamula mitundu iwiri ya malonda ija, ndipo kumeneko n'kupindula, chifukwa kumatikakamiza kutchula mtundu umene tikunena. Pa mankhwala ovomerezeka ndingalembe motere: "Awa ndi mahomoni opangidwa m'fakitale, ofanana ndendende ndi amene thupi la mayi limapanga. Amachepetsa kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ndipo amateteza mafupa. Si mankhwala ochotsa makwinya. Ngati muli ndi chiberekero, musamwe estrogen popanda progesterone. Uzani adokotala ngati munadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko kapena kuundana kwa magazi." Pa osakaniza aja ndingawonjezere chiganizo chimodzi: "Mankhwala awa asakanizidwa m'sitolo, ndipo mlingo wake sunayesedwe ndi boma." Liwu limodzi la Chingerezi lasanduka ziganizo zisanu ndi chimodzi, ndipo wosindikiza kapepalako adzadandaula kuti malo achepa. Akatero, chiganizo chimene ndingaumirire kuti chitsale zivute zitani ndi chija chonena za chiberekero.